Isaac Fadoyebo: Msilikari Amene Anabisidwa m'Nyumba ya Mlimi ku Burma

M'midzi yambiri ya Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, maiko amene pa nthawi ya nkhondo anali kuchedwa Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia, dzina lakuti Burma si lacilendo ai. Alipo mabanja amene asunga cithunzi ca agogo ao atabvala zobvala za Keyala, kapena mendulo yokulungidwa m'kansalu pansi pa bokosi, ndipo ana akafunsa amangouzidwa kuti mwini wace anapita ku Burma. Ambiri a amuna aja anatsikira kumanda pamodzi ndi mbiri yao, pakuti ena sanadziwe kulemba, ndipo amene anadziwa analibe wowafunsa. Nkhani ya lero iri ya msilikari mmodzi amene analemba zace ndi dzanja lace. Iye anali wa ku Nigeria, kutali ndi kuno, koma mvula imene inambvumba ndi nkhalango imene anagonamo ndi zomwezo zimene anakomana nazo anyamata a ku Zomba, a ku Lusaka ndi a ku Salisbury. Dzina lace ndiye Isaac Fadoyebo.

Ubwana wace ndi kulowa usilikari

Isaac anabadwa m'caka ca 1925 pa mudzi wa Emure-Ile, pafupi ndi mzinda wa Owo, m'dziko la Ayoruba. Anaphunzira pa sukulu ya mishoni kufikira atatsiriza makalasi oyamba, ndipo mtima wace unali pa kupitirira ndi maphunziro. Koma njira ya ku sukulu yaikuru inamtsekekera, monga inatsekekera ana ambiri a alimi masiku amenewo. Catsalira iye cinali khasu ndi moyo wa pa mudzi, ndipo mnyamata wodziwa kuwerenga Cingerezi anaona ngati dziko lamcepera.

Tsono m'mwezi wa Januwale 1942, ali ndi zaka 16 zokha, anacoka kwao nakalembetsa usilikari m'gulu la Royal West African Frontier Force. Malipiro a msilikari wamba anali sheleni imodzi pa tsiku, pamodzi ndi cakudya ndi zobvala, ndipo kwa mwana wa pa mudzi zimenezi zinali cuma. Popeza anali wophunzira, akuru a nkhondo sanampatse nchito ya mfuti, koma anamphunzitsa kusamala odwala ndi obvulala. Anamuika m'gulu la cipatala coyenda lochedwa 29th Casualty Clearing Station, limene nchito yace inali kulandira asilikari obvulala kucokera kutsogolo, kuwamanga mabala, ndi kuwatumiza ku zipatala zazikuru za kumbuyo.

Cifukwa cace Afirika anatumizidwa ku Burma

M'miyezi yomweyo imene Isaac anali kuphunzira kuguba, Ajapani anali kusesa maiko a Angerezi kum'mawa. Singapore anagwa m'Febuluwale 1942, Rangoon m'Malichi, ndipo pofika pakati pa caka Ajapani anaima pa malire a India. Angerezi anasowa amuna. Nkhondo yolimbana ndi Ataliyana ku Ethiopia inali itatha pa Gondar m'Novembala 1941, ndipo kumeneko asilikari a ku Afirika anali ataonetsa kale kulimba kwao. Ndiponso akuru a ku London anakhulupira kuti munthu wakuda adzapirira kutentha ndi malungo a m'nkhalango koposa Mzungu, cinkana ambiri a anyamatawo anakulira m'madambo ndi m'matauni, osaonapo nkhalango yotere ciyambire. Potero Afirika pafupifupi 100,000 anawoloka nyanja kukamenya nkhondo ya ku Burma.

Gulu la cipatala la Isaac linali mbali ya khamu lalikuru lochedwa 81st West African Division, limene linasonkhanitsa amuna a ku Nigeria, Gold Coast, Sierra Leone ndi Gambia, pansi pa Major-General Woolner. Cizindikiro cao pa phewa cinali kangaude wakuda. M'caka ca 1943 anakwera sitima za pa madzi, nazungulira ku Cape, nakatsikira pa Bombay. Pamenepo anadutsa India yense pa njanji kufikira ku Bengal, nayandikira malire a Burma.

Nchito imene anapatsidwa inali kutsika ndi cigwa ca mtsinje wa Kaladan, m'dziko la Arakan, ndi kucinjiriza mbali ya kum'mawa ya makamu ena amene anali kumenyana m'mphepete mwa nyanja. M'cigwa cimeneci munalibe mseu. Asilikari anasema okha njira ya galimoto zazing'ono m'mapiri, mamailosi oposa 70, ndi zikwanje, mapiki ndi mafosholo. Cakudya ndi zipolopolo zinali kuponyedwa ndi ndege, ndipo katundu wotsala anasenzedwa pa mutu ndi magulu a amtengatenga, monga anacitira makolo a kuno pa nkhondo ya 1914. Poyamba ulendo unayenda bwino, kotero kuti pakutha kwa Febuluwale 1944 anafika ku Kyauktaw. Koma Ajapani anazemba m'nkhalango nawatulukira kumbuyo ndi m'mbali, ndipo khamu lonse linakakamizidwa kubwerera.

Mmawa wa pa 2 Malichi 1944

Anthu a cipatala sanadziwe kuti zinthu zatembenuka. Iwo anali kutsika ndi mtsinje pa nsungwi zomangidwa pamodzi, ndi mankhwala ao ndi macila ao, poganiza kuti adani ali kutali. Anagona pa gombe pafupi ndi mudzi wa Mairong, ndipo mmawa wa pa 2 Malichi 1944, anthu ali kukonza cakudya, mfuti zinalira kucokera tsidya lija. Amenewa anali osamala odwala, osati omenya nkhondo, ndipo analibe pobisala. Ena anafera pomwepo, ena anathawira kuchire. Isaac analasidwa pa mwendo wa kumanja, pfupa la nchafu nkusweka, nalasidwanso pa thupi. Anayesa kudzuka, koma mwendo unakana.

Dotolo wina wa gululo, Captain Richard Brown, sanathawe. Anakhala ndi obvulala nayesa kuthandiza Isaac kufikira Ajapani atawoloka mtsinje. Iwo anamgwira napita naye, ndipo sanaonekenso. Isaac anamuyang'ana namsiya pomwepo, poyesa kuti munthu wobvulala cotero safikira mawa.

Koma mawa anafika, ndi mkuca womwe. Mwa otsala amoyo munali sajeni wa ku Sierra Leone, dzina lace David Kargbo, amenenso anabvulala kotero kuti sakanatha kuyenda ulendo wautali. Anzao ena obvulala anamwalira mmodzi mmodzi, ndipo potsiriza anatsala awiriwa, m'dziko la eni, kumbuyo kwa adani, opanda mankhwala, opanda mfuti, osadziwa cinenero ca anthu a kumeneko.

Miyezi ya kuchire

Anthu a midzi ya pafupi anali Asilamu, a mtundu umene uchedwa Arohingya. Kuti munthu amvetse zimene zinatsatira, ayenera kudziwa kuti m'caka ca 1942, Angerezi atathawa, kunabuka kuphana kwakukuru m'Arakan pakati pa Abuda ndi Asilamu. Ciyambire pamenepo Abuda ambiri a m'dzikomo anatsamira kwa Ajapani, ndipo Asilamu ambiri anatsamira kwa Angerezi. Potero m'midzi ya Asilamu munali anthu ofunira asilikari a Angerezi zabwino, komanso munali mantha akuru, pakuti wopezeka akuthandiza mdani wa Ajapani akanalipira ndi moyo wace.

Isaac ndi David anali Akristu. Poona kuti moyo wao uli m'manja mwa anthu a mudziwo, anadzinenera kuti ali Asilamu. David, amene anacokera ku dziko la Asilamu ambiri, anadziwako mapemphero ao, nadzicha Dauda Ali, ndipo Isaac anadzicha Suleman. Anthu ena anayamba kuwabweretsera mpunga ndi madzi mobisa, kumene anagona kuchire pansi pa kamsasa. Masiku ena cakudya cinabwera, masiku ena sicinabwere. Ndipo m'mwezi wa Meyi kapena Juni mvula ya m'Arakan iyamba, mvula yosalekeza usana ndi usiku kwa miyezi, imene isandutsa minda kukhala nyanja. Munthu wa pfupa losweka, wa bala lotukusira, anagona m'mvula imeneyo osatha ngakhale kudzitembenuza bwino.

Mwa onse owathandiza, mmodzi ndiye sanatope. Iye anali mlimi wosauka, dzina lace Shuyiman, mwamuna wa banja, wa mkazi ndi ana ang'ono. Anawatengera cakudya masiku ndi masiku, ndipo patapita miyezi anacita cinthu cimene anzace anaopa: anatenga alendo awiriwo nawalonga m'nyumba yace ya iye mwini. Pamenepa mpofunika kulingalira bwino. Asilikari a Cijapani anali kuyendayenda m'midzi kufuna cakudya ndi anchito. Munthu wakuda wa ku Afirika sakanabisika pakati pa anthu a ku Burma, ndipo pakamwa pamodzi pa mnansi wanjiru pakanathetsa banja lonse. Mpunga umene alendowo anadya unacotsedwa pa mbale ya ana ace. Akuru akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo Shuyiman, amene sanamvepo mwambi umenewu, anaucita kwa ana a anthu amene sanawaone ndi kale lonse.

Anyamata a kuno m'mvula yomweyo

Pamene Isaac anali kubisala, nkhondo inali kutembenuka. Pakati pa Malichi ndi Julayi 1944 Ajapani anayesa kulowa m'India pa Imphal ndi Kohima, nagonjetsedwa koopsa ndi khamu la General Slim lochedwa Fourteenth Army. Slim sanafune kuwapatsa mpata wopuma, ndipo amene anatumidwa kuwapitikitsa mvula iri mkati anali a 11th East African Division, a cizindikiro ca cipembere. M'khamu limeneli munali magulu a Keyala a ku Nyasaland ndi asilikari a Northern Rhodesia Regiment, pamodzi ndi a ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika. Kuyambira m'Ogasiti anatsika ndi cigwa ca Kabaw, cigwa ca matope, misundu ndi malungo, nafika pa Kalewa, pa mtsinje wa Chindwin, kumayambiriro kwa Disembala. A Rhodesian African Rifles a ku Southern Rhodesia anamenya nkhondo yao m'Arakan momwemo m'caka cotsatira ca 1945.

Mvula itakata, a 81st Division anabwereranso m'cigwa ca Kaladan. M'mwezi wa Disembala 1944 asilikari a Cigurkha, a ku Nepal, anafika pa mudzi wa Shuyiman napeza amuna awiri akuda, oonda, amene maina ao anali atalembedwa kale pa mndandanda wa osowa. Inali itapita miyezi 9. Anawanyamula napita nao, ndipo pa cipwirikiti ca tsiku limenelo Isaac analekana ndi Shuyiman. Sanaonanenso pa dziko lino.

Kubwerera kwao

Isaac anagona m'zipatala za ku India, ndipo madotolo anapulumutsa mwendo wace, koma unatsala waufupi, kotero kuti anatsimphina moyo wace wonse. Anabwerera ku Nigeria m'caka ca 1945. Ku Emure-Ile anthu anali atataya kale mtima, poyesa kuti mwana wao anafera kutali. Tsono pamene anaonekera pa mudzi, sanamthamangire msanga. Mwa mwambo wa Ayoruba anayamba amuwaza pfumbi, pakuti anakhulupira kuti mzukwa ukawazidwa pfumbi uzimirira. Isaac sanazimirire, ndipo pamenepo mpamene kulira kunasanduka cimwemwe.

Cimwemwe ca tsiku lofika sicidyetsa munthu caka conse. Asilikari obwera ku nkhondo m'maiko onse a Afirika anapeza kuti nchito ziri zocepa ndi malonjezo ambiri sanakwaniridwe. Makalata a Boma la Britain amene anaululidwa m'caka ca 2019 anaonetsa kuti m'makamu a kum'mawa kwa Afirika, mphotho yotsazikira msilikari wamba wa Cizungu inali masheleni 10 pa mwezi uli wonse wa usilikari wace, pamene ya msilikari wakuda inali masheleni atatu ndi theka. Amene ali ndi agogo a Keyala adziwa kuti ambiri anabwerera ku khasu ndi mendulo yokha. Kwa Isaac ngakhale khasulo linali lobvuta, cifukwa ca mwendo.

Mwini banja ku Lagos

Cimene cinampulumutsa kaciwiri ndi pensulo. Anapita ku Lagos nalowa nchito ya ukalaliki m'dipatimenti ya Boma yoyang'anira za anchito, ndipo anakhala m'nchito ya Boma zaka zambiri, m'nthawi ya Angerezi ndi pambuyo pa ufulu wa Nigeria wa pa 1 Okutobala 1960. Kuyambira pano nkoyenera kuwachula mwaulemu, Bambo Fadoyebo, pakuti mnyamata wothawa pa mudzi uja anasanduka mwini khomo. Anakwatira, nakhazika banja lao ku Surulere, m'mzinda wa Lagos, nabala ana akazi amene anawalera ndi kuwaphunzitsa sukulu. Khomo la maphunziro limene linawatsekekera iwo ali ndi zaka 16 anaonetsetsa kuti likhale lotseguka kwa ana ao, ndipo anakhala ndi moyo kufikira kuona adzukulu.

Sanali munthu wochuka. Sanakhale nduna kapena mkuru wa nkhondo, ndipo anansi ao ambiri anangowadziwa monga nkhalamba yotsimphina yopita ku chalichi. Koma m'mtima mwao munali ngongole imene sinawapatse mpumulo. Pa khomo pao panali ana ndi adzukulu, ndipo iwo anadziwa kuti pakadapanda mlimi wa ku Mairong, sipakadakhala ngakhale mmodzi wa amenewa. Anacoka m'nyumba ya Shuyiman osathokoza monga kuyenera, ndipo Burma anali kutali, dziko lotsekeka pansi pa ulamuliro wa asilikari kuyambira 1962. Kalata yopita kwa mlimi wosadziwa kuwerenga, pa mudzi wopanda positi, ikanafika bwanji?

Cimene anakhoza kucita anacita: anakhala pansi nalemba zonse, maina a anzao amene anafa, dzina la dotolo amene sanathawe, ndi dzina la Shuyiman. Zolembazo zinafika m'manja mwa mphunzitsi wa mbiri ya kale wa ku England, David Killingray, ndipo zinasindikizidwa m'caka ca 1999 ku Wisconsin, m'dziko la America, m'kabuku kochedwa A Stroke of Unbelievable Luck. Ndi amodzi mwa mabuku owerengeka a nkhondo ya ku Burma olembedwa ndi msilikari wamba wa ku Afirika.

Kalata ifika

Mtolankhani wa Cingerezi, Barnaby Phillips, anawerenga nkhaniyi m'nyumba yosungira za nkhondo ya Imperial War Museum ku London, nayamba kufunafuna mwini wace. Anawapeza ali moyo ku Lagos. Bambo Fadoyebo anali atakalamba, osakhoza ulendo wa ku Burma, dziko limene kuyambira 1989 lichedwa Myanmar. Tsono analemba kalata yothokoza banja la Shuyiman, naipereka kwa mlendoyo. M'caka ca 2011 Phillips anapita ku Burma, nafunafuna kufikira anapeza mbumba ya Shuyiman. Mwini wace anali atamwalira kale, koma ana ace ndi adzukulu ace anali moyo, ndipo nkhani ya amuna awiri akuda amene anabisidwa m'nyumba mwao inali isanaiwalike. Kalata inawerengedwa pamaso pao, patapita zaka 67 cilasidwire mwini wace. David Kargbo sanaone tsikuli, pakuti anamwalira kale kwao ku Sierra Leone.

Ulendowu unajambulidwa m'kanema wochedwa Burma Boy, amene anaonetsedwa ndi Al Jazeera, ndipo Phillips analembanso buku lochedwa Another Man's War, la m'caka ca 2014. Bambo Fadoyebo anamva ndi makutu ao kuti mau ao afika. Anamwalira m'mwezi wa Novembala 2012, ali ndi zaka 86.

Mbumba ya Shuyiman sinaone mtendere wotere. M'caka comweco ca 2012 kuphana kunabukanso m'Arakan, dziko limene tsopano lichedwa Rakhine, ndipo m'caka ca 2017 Arohingya oposa 700,000 anathawira ku Bangladesh, midzi yao itatenthedwa. Mtundu umene unabisa alendo m'nyumba zao unasanduka wofuna pobisala m'dziko la eni.

Pa manda a nkhondo a ku Taukkyan, kunja kwa mzinda wa Rangoon umene lero uchedwa Yangon, pali zipilala zolembedwa maina pafupifupi 27,000 a asilikari amene manda ao sadziwika, ndipo pakati pao pali maina ambiri a ku Afirika. Dzina la Isaac Fadoyebo likadakhala pamenepo. Silinalembedwepo cifukwa munthu wina wosauka anatsegula citseko cace, ndipo wopulumukayo anagwiritsa bwino zaka 68 zimene anaonjezeredwa, polera ana ace ndi posunga maina a omcitira cifundo. Amene ali ndi mendulo ya agogo pansi pa bokosi acita bwino kuiturutsa mwezi wa Novembala ukafika, pamene asilikari akumbukiridwa ku Zomba, ku Lusaka ndi kwina konse, ndi kufunsa akuru otsala pa mudzi kuti mwini wace anayenda kuti, anabvulala pati, ndipo anamthandiza ndani. Zimene ayankhe zilembedwe, pakuti odziwa nkhanizi atsala owerengeka.